Onse akutchula dzina la Yesu, nde chipulumutso chenicheni tichidziwa bwanji?

Pa Mateyu 7:21-23 pali mawu omwe ambiri timawerenga mothamanga chifukwa amatisowetsa mtendere. Yesu akunena za anthu omwe adzabwere kwa iye tsiku lomaliza nkumati Ambuye, Ambuye, kodi sitinanenere m'dzina lanu, sitinatulutse ziwanda m'dzina lanu, sitinachite zozizwa zambiri m'dzina lanu? Iye nkuwayankha kuti sindinakudziweni. Taonani bwino anthu amenewa. Si achikunja, si anthu okana zoti kuli Mulungu, ndi anthu a m'tchalitchi, mwinanso okhala kutsogolo kwenikweni, ndipo chowawa kwambiri nchakuti iwo eni akudabwa, zomwe zikusonyeza kuti moyo wawo wonse ankaganiza kuti zinthu zili bwino. Nde tikamakamba za njira zabodza za chipulumutso tisathamangire kuloza zipembedzo zina, nkhaniyi kwambiri ndi ya mkati mwa Chikhristu momwemo, pomwe aliyense ali ndi Baibulo m'manja ndipo aliyense akumaliza pemphero ndi dzina lomwelo.

Kuopsa kwake kuli ngati kwa mankhwala abodza. Paketi ndi yofanana, mtundu wa mapiritsi ndi womwewo, ndipo vuto si lakuti sachiritsa basi ayi, vuto lalikulu ndi lakuti wodwala amasiya kufunafuna thandizo poganiza kuti wayamba kale kumwa.

Tiyambe ndi chenichenicho, poti munthu sungazindikire chabodza usakudziwa chomwe akuchikopera. Uthenga womwe atumwi ankalalikira ndi waufupi modabwitsa. Paulo pa 1 Akorinto 15:3-4 akuuika m'mawu ochepa: Khristu anafera machimo athu monga mwa malembo, anaikidwa m'manda, anauka tsiku lachitatu. Munthu wapatukana ndi Mulungu chifukwa cha uchimo, sangathe kudzibweza yekha, nde Mulungu ndi amene wayamba kuyenda kubwera kwa munthu. Mbali ya munthu ndi kulapa ndi kukhulupirira, kutanthauza kutembenuka ndi kuika chidaliro chake chonse pa Khristu. Aefeso 2:8-9 akuti mwapulumutsidwa ndi chisomo kudzera m'chikhulupiriro, si zochokera kwa inu, ndi mphatso ya Mulungu, si za ntchito, kuti wina asadzitame. Koma musaime pa vesi 9 monga timachitira pa maposita, vesi 10 ikupitiriza kuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Ntchito zilipo, kungoti zimabwera pambuyo, sizitsogola.

Chigawenga chija chinapachikidwa pambali pa Yesu pa Luka 23 chimandithandiza kuona zomwe zimatsala ukachotsa zina zonse. Manja ake anali okhomeredwa, sakanatha kupereka chopereka, sakanatha kubweza zomwe anaba, kalasi ya ubatizo sanalowe, ndipo maola omwe anatsala nawo anali ochepa. Anachita zinthu zitatu zokha ndi pakamwa pake: anavomera kuti chilango chake chinali choyenera, ananena kuti munthu wapachikidwa pambali pakeyo sanalakwe kanthu, kenako anapempha kuti Yesu amukumbukire akadzalowa mu ufumu wake. Kunena zimenezi kwa munthu yemwe akutuluka magazi, yemwe ophunzira ake athawa, chimenecho nde chikhulupiriro. Yankho linali lakuti lero lomwe udzakhala ndi ine m'Paradaiso. Njira iliyonse yomwe munthu uyu sakanatha kuikwanitsa ndiyofunika kuifunsa mafunso.

Limodzi mwa mabodza oyamba kulowa mu mpingo silinali lokana Yesu, linali lowonjezera pa Yesu. Pa Machitidwe 15 anthu ena ochokera ku Yudeya anafika ku Antiokeya nkuyamba kuphunzitsa kuti ngati simudulidwa monga mwa mwambo wa Mose simungapulumuke. Ndipo tisawaweruze msanga, anthuwa anali ndi mavesi, mdulidwe analamula ndi Mulungu mwini kwa Abrahamu pa Genesis 17, sikuti anangopeka. Mkangano unakula mpaka atumwi ndi akulu anakumana ku Yerusalemu, cha m'ma 49 kapena 50, ndipo Petro anafunsa kuti bwanji mukufuna kuika pakhosi pa ophunzira goli lomwe ife ndi makolo athu tinalephera kunyamula? Anamaliza nkuti ife Ayuda timapulumuka mwa chisomo cha Ambuye Yesu chimodzimodzi ndi iwowo. Kalata ya kwa Agalatiya ndi ya nkhani yomweyi ndipo Paulo mmenemo wakwiya zedi, palibe nkuthokoza komwe koyambirira monga amachitira m'makalata ena, angolonjera nkuyamba kuti ndikudabwa nanu. Mpaka akuti ngakhale mngelo wochokera kumwamba atakulalikirani uthenga wina akhale wotembereredwa, ndipo pa 2:21 akumenya pamutu penipeni: ngati chilungamo chimabwera mwa lamulo ndiye kuti Khristu anafa pachabe.

Masiku ano za mdulidwe sitikanganapo, koma kaganizidwe kake sikanafe. Kamangosintha malaya. Kwina ndi tsiku lopembedzera, kwina kutalika kwa siketi, kwina chakhumi, kwina dzina la mpingo lomwe lili pa khadi yako. Zina mwa izi nzabwino ndithu, kupereka nkwabwino, kuvala modzilemekeza nkwabwino, koma zikangosanduka chiphaso cholowera kumwamba zaonongeka. Mfarisi wa pa Luka 18 sananame chilichonse, ankasaladi kudya kawiri pa sabata, ankaperekadi chakhumi cha zonse, ndipo pemphero lake linayamba ndi kuthokoza Mulungu. Koma amene anapita kwawo atayesedwa wolungama ndi wokhometsa msonkho uja anaima patali, osayerekeza nkukweza maso, akudziguguda pachifuwa nkumati Mulungu mundichitire chifundo ine wochimwa.

Cha m'ma 400 kunabuka munthu wina wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, yemwe anafika ku Rome nkukhumudwa ndi makhalidwe otayirira a Akhristu a kumeneko. Cholinga chake chinali chabwino, ankafuna anthu asiye ulesi. Nde anaphunzitsa kuti munthu sabadwa ndi uchimo wa Adamu ndipo ali ndi mphamvu mwa iye yekha yomvera Mulungu akangofuna. Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi dziko la Algeria, anamutsutsa kwa zaka zambiri kuti ngakhale kufuna kwabwinoko kumayamba ndi chisomo, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Koma funsani anthu khumi kuti Mulungu adzakulandirani chifukwa chiyani, ambiri ayankha kuti ine sindiba, sindinaphe munthu, ndimathandiza osauka. Pelagius anagonja pa msonkhano koma m'mitima mwathu akadali moyo, poti munthu mwachibadwa sakonda kulandira chinthu chomwe sanachigwirire ntchito, zimamuchotsa ulemu.

Tsono pali ya ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Pa Machitidwe 8 ku Samariya kunali Simoni wamatsenga, munthu wotchuka yemwe mzinda wonse unkamutcha mphamvu yaikulu ya Mulungu. Filipo atalalikira, Simoni naye anakhulupirira ndipo anabatizidwa, lembalo likutero. Koma ataona Petro ndi Yohane akusanjika manja pa anthu nkulandira Mzimu Woyera, anatulutsa ndalama kuti inenso mundipatse mphamvu imeneyi. Mwamuona? Mutu wake unali ukadali wa bizinesi, anaona katundu watsopano pa msika. Petro sanamunyengerere, anamuuza kuti ndalama yako itayike nawe pamodzi chifukwa unaganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe, mtima wako suli wolunjika pamaso pa Mulungu. Munthu wobatizidwa ameneyo.

Zaka pafupifupi 1,500 pambuyo pake nkhani yomweyi inagwedeza Ulaya. Albrecht, bishopu wamkulu wa ku Mainz, anakongola ndalama zambiri ku banki ya banja la Fugger kuti alipire ku Rome pa maudindo omwe anapatsidwa. Papa Leo X analola kuti m'madera ake mugulitsidwe makalata a chikhululukiro, theka la ndalama lipite kubweza ngongole ija, theka lina likamange tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Kunena mwachilungamo, chiphunzitso cha mpingo sichinkati kalatayo imachotsa tchimo, chinkati imachepetsa chilango chotsala kwa munthu yemwe walapa kale. Koma mlaliki wake Johann Tetzel ankazikometsera mwakuti wamba ankangomva kuti ndalama ikangolira m'bokosi, mzimu wa mayi ako watuluka m'purigatoriyo, komwe Akatolika amati mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba, nde ndani angaumire pa mayi ake? Martin Luther, yemwe anali wansembe komanso mphunzitsi wa Baibulo ku Wittenberg, analemba mfundo 95 zotsutsa malondawa nkuzitumiza kwa Albrecht pa 31 October 1517. Mfundo yoyamba yeniyeniyo inali yakuti Yesu atati lapani ankatanthauza kuti moyo wonse wa wokhulupirira ukhale wolapa. Ndipo kwa omwe amakonda kugwiritsa ntchito nkhaniyi potukwana Akatolika, dziwani kuti mu 1567 Papa Pius V anathetsa makalata onse a chikhululukiro okhudza ndalama. Malondawo anatha kumeneko, nkudzatulukiranso m'matchalitchi ena omwe amati ndi adzukulu a Luther.

Chifukwa tanenani, kusiyana kwake nkotani pakati pa bokosi la Tetzel ndi envulopu ya mbewu yomwe akuti ukaifesa zitseko zako zitseguka? Mafuta odzozedwa a m'kabotolo, madzi, masitika, zibangili, kulipira kuti uonane ndi munthu wa Mulungu pa awiri. Inde ambiri sanganene poyera kuti akugulitsa chipulumutso, amati akugulitsa madalitso kapena chitetezo, koma m'mutu mwa wogulayo malire amenewa kulibe, iye akudziwa kuti ubale wake ndi Mulungu ukudalira risiti. Ndipo zikakanika mlandu umagwera iye yemwe, akuti chikhulupiriro chako nchochepa, fesanso. Pamene Paulo mwini anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke ndipo sinachoke, mnzake Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto, Timoteo anali wodwaladwala m'mimba. Onsewa chikhulupiriro chinali chochepa?

Nkhani ya Namani pa 2 Mafumu 5 muiwerenge modekha tsiku lina. Kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, wakhate, ananyamuka ndi matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10, kukonzekera kulipira. Elisa sanatuluke nkomwe m'nyumba, anangotuma mthenga kuti kasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano, ndipo Namani anapsa mtima chifukwa ankayembekezera sewero, mneneri atuluke, aimirire, aitane dzina la Mulungu wake, ayendetse dzanja pa nthendayo. Atachira anabwerera ndi mphatso, Elisa anakana kwamtuwagalu. Ndi Gehazi, mnyamata wa mneneri, yemwe anathamangira galeta nkupeka bodza loti kwabwera alendo, anapempha talente imodzi nkupatsidwa ziwiri, nkukabisa m'nyumba. Khate la Namani linamumatirira iyeyo. Mlendo uja anali atangophunzira kumene kuti Mulungu wa Israeli salipiritsa, ndipo Gehazi anafufuta phunzirolo panjira pomwepo.

Pafupi ndi iyi pali ya kudalira munthu. Kukonda abusa si tchimo, Baibulo lomwe likuti tiwalemekeze atsogoleri. Koma ikafika poti popanda iye pemphero lako silidutsa, ukachoka pansi pake tsoka likutsata, mawu ake safunsidwa, abale ako omwe akukuchenjeza ndi mfiti, pamenepo mkhalapakati wasinthidwa, pomwe 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati pakati pa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha. Korneliyo, mkulu wa asilikali a Chiroma, atagwa pamapazi a Petro, Petro anamudzutsa nkuti nyamukani, inenso ndine munthu. Ku Lusitara anthu atabwera ndi ng'ombe kuti apereke nsembe kwa Paulo ndi Barnaba, awiriwo anang'amba zovala zawo. Komwe njira imeneyi imatha kufika tinakuona. Mu November 1978 ku Jonestown m'dziko la Guyana anthu oposa 900 otsatira Jim Jones anafa tsiku limodzi, ambiri mwa iwo ndi poizoni, ana omwe. Mu 2023 m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya apolisi anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a mpingo wa Paul Mackenzie, omwe opulumuka anati anauzidwa kusala kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Anthu amenewa sanali zitsiru ayi, ambiri anali ofuna Mulungu ndi mtima wonse, kuposa ena a ife, ndipo kudziperekako nkomwe kunagwiritsidwa ntchito powapha. Kuona mtima kokha sikupulumutsa munthu ngati chomwe wagwiracho chili chabodza.

Nde wina atamva zonsezi atha kunena kuti basi zatheka, ntchito zilibe kanthu, ine ndinakweza dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso, ndinabwereza pemphero lija, dzina langa linalembedwa, zotsalazo ndi zanga. Iyi nayo ndi njira yabodza ndipo ine ndimaiona ngati yofala kuposa zonse chifukwa ndi yotchipa. Pemphero lolandira Yesu palokha si loipa, anthu ambiri anayambiradi pomwepo. Koma mu Chipangano Chatsopano simupezamo mawu oikika oti ukangowatchula zatha, ngati pasiwedi. Yakobo 2 akuti umakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, wachita bwino, ziwanda nazo zimakhulupirira ndipo zimanjenjemera. Ndipo chitsanzo chake nchapansi penipeni: m'bale alibe chovala, alibe chakudya, iwe nkumuuza kuti pita mumtendere ukafunde ukakhute, osamupatsa kanthu. Chikhulupiriro chotere akuti nchakufa.

Anthu amati Paulo ndi Yakobo akutsutsana, ngakhale Luther yemwe mu 1522 anaitcha kalata ya Yakobo kuti ndi yaudzu. Koma awiriwa akuyankha anthu osiyana. Paulo akulankhula ndi munthu yemwe akufuna kugula chiyanjano ndi Mulungu pogwiritsa ntchito lamulo, Yakobo akulankhula ndi munthu yemwe akuti ali nacho kale chikhulupiriro koma palibe chooneka. Paulo yemweyo pa Aroma 6 akufunsa kuti tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke? Nkuyankha yekha kuti msatero ayi. Zakeyu ndi amene amaonetsa bwino ndondomeko yake. Yesu sanamupatse mndandanda wa zoti akonze kaye, anangomuuza ali mumtengo kuti tsika, lero ndikhala kwanu, anthu nkumang'ung'udza. Ndi pambuyo pa kulandiridwako pomwe Zakeyu anaimirira nkuti theka la chuma changa ndipereka kwa osauka ndipo yemwe ndinamubera ndimubwezera kanayi. Palibe anamuuza. Ndipo ndalamazo zinapita kwa osauka ndi kwa omwe anawabera, osati kwa mlaliki.

Apa mpomwe ndimasiyana ndi anthu omwe amajambula mzere wa chenicheni ndi chabodza potsata zikwangwani za matchalitchi. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent, mu chigamulo chake cha 1547, unanena kuti palibe chilichonse chobwera munthu asanalungamitsidwe, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chomwe chingagule chisomo cha kulungamitsidwako. Ndipo pa 31 October 1999 ku Augsburg m'dziko la Germany, mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasainirana chikalata chovomereza limodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo Mzimu Woyera ndi amene amatikonzanso kuti tichite zabwino. A Methodist anadzagwirizana nacho mu 2006, mipingo ya Reformed mu 2017. Sikuti kusiyana kunatha ayi, ndipo alipo mbali zonse omwe mpaka pano sachivomereza chikalatachi. Za ubatizo mkangano ulipobe, ena amati Mulungu amagwiradi ntchito yopulumutsa mu ubatizomo, ena amati ndi chizindikiro cha zomwe zachitika kale mumtima, ena amabatiza makanda ena ayi. Zoti munthu wopulumutsidwa angathe kutayikanso, otsatira mphunzitsi wakale Calvin amati ayi, otsatira aphunzitsi ena Arminius ndi Wesley amati inde, ndipo onse ali ndi mavesi awo, Yohane 10 mbali iyi, Ahebri 6 mbali inayo. Imeneyi ndi mikangano ya anthu omwe akugwirizana kuti wopulumutsa ndi Khristu. Pa benchi imodzi m'tchalitchi chimodzi mutha kukhala munthu wodalira Khristu ndi wina wodalira udindo wake wa mu kwaya, akuimba nyimbo imodzi.

Nanga munthu adziwa bwanji pomwe waima? Kumva kutentha m'thupi, kugwa pansi, kulira, maloto, zonsezi zitha kuchitika kwa munthu woona komanso kwa wonyengedwa, nde sizingakhale muyeso, ndipo anthu a pa Mateyu 7 aja zozizwa anali nazo zambiri. Kalata yoyamba ya Yohane inalembedwa ndi cholinga chimenechi, pa 5:13 akuti ndalemba izi kuti mudziwe kuti muli nawo moyo wosatha, ndipo zomwe akubwerezabwereza ndi zinthu zosachititsa chidwi: kodi ukuvomereza Yesu Khristu kuti anabweradi m'thupi, kodi ukuyenda momvera malamulo ake, kodi umakonda m'bale wako mpaka kumuthandiza ndi zomwe uli nazo. Sakunena za munthu wosachimwa, poti kalata yomweyo ikuti tikanena kuti tilibe tchimo tikudzinyenga. Akunena za munthu yemwe akagwa amavomereza nkubwerera, osati kusaka vesi yodzitchinjirizira.

Ndipo pa zomwe mukuphunzitsidwa, kufunsa si kupanduka. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 ankamvetsera Paulo mwachidwi kenako tsiku ndi tsiku nkumafufuza m'malembo ngati zinthuzo zilidi choncho, ndipo Luka akuwayamikira chifukwa cha zimenezo, kumufufuza mtumwi weniweni. Vesi ikatchulidwa pa guwa kaiwerengeni chaputala chonse kunyumba, muone akulankhula ndani, kwa yani, pa nkhani yanji. Ija ya musakhudze odzozedwa anga, yomwe amatsekera nayo anthu pakamwa, ili pa Masalimo 105:15, ndipo mukayamba kuwerenga pa vesi 8 mupeza kuti ikukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pomwe anali owerengeka, akuyendayenda m'mayiko a eni, Mulungu nkumachenjeza mafumu kuti asawapweteke. Za kufunsa abusa komwe kwapita ndalama za chopereka mulibemo.